Mmene Kalabu Inagulidwira Nyanja Ikuthawa

1964

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chodziwa kukankha bwato, osati chifukwa cha sukulu, ndipo inu ana anga mudziwiretu zimenezi musanayambe kuuza anthu kuti bambo anu anali munthu wa mapepala. Chakumpoto pang'ono kwa doko la Kachulu kunali malo ogona alendo amene mzungu wina anamanga kuti anzake a ku Zomba azidzapumako Loweruka ndi Lamlungu. Dzina lake la Chingerezi linkatikola pakhosi, ndiye tonse tinkangoti ku Kalabu. Kunali tinyumba tisanu ndi kamodzi taudzu, chipinda chodyera, ndi mlatho wamatabwa wolowa m'nyanja umene tinkautcha jete. Mwini wake tinamupatsa dzina loti Bwana Kaliwo, poti kaliwo sankachoka pakamwa pake ngakhale akusamba. Tsiku lina injini ya boti lake inathima pakati pa nyanja, ine ndikuchokera ku chilumba cha Chisi ndi matemba a malume. Ndinamangirira botilo kumbuyo kwa bwato n'kukankha ndi nsungwi mpaka pa jete. Atatsika anandiyang'ana m'manja, nati, "Iwe, Lolemba ubwere." Dzina sanafunse, ndipo mwezi wathunthu ankangonditcha Boyi, mpaka khukhi wathu, achimwene Disi, anamuuza kuti ndine Layisoni.

Chimene chinkakoka azungu ku Kalabu chinali masewera a matabwa. Munthu amavala matabwa awiri aataliatali kumapazi, n'kugwira chingwe chomangidwa kumbuyo kwa boti. Woyendetsa akathamangitsa injini, munthu uja amadzuka m'madzi n'kuyamba kutsetsereka pamwamba ali chiimire. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinangoti kukamwa yasa, n'kufunsa achimwene Disi ngati anthuwa amatemera kumapazi. Iwo anaseka mpaka kukhala pansi. Anthu a m'midzi ya kwa Mwambo ankabwera akaweruka ku tchalitchi, n'kukhala m'mphepete ngati akuonera mpira. Mzungu akatsetsereka bwino ankangoti zii, koma akagwa chagada nthungululu zinkamveka mpaka ku Kachulu. Chaka chisanathe ndinali nditaphunzira injini, ndipo boti linakhala langa. Kunena zoona, ndinkanyada kwambiri. Ndinkadziwa kudzutsa munthu wonenepa osamuthyola mapewa, ndinkadziwanso kugwetsa mwadala bwanankubwa wamwano pokhota mwamphamvu patsogolo penipeni pa anthu. Mayi anu anandiona koyamba ndili pa chiwongolero chimenecho, ngakhale mpaka lero amati anabwera kudzaona azungu akugwa.

Vuto lalikulu la zaka zimenezo linali zovala. Atcheyamani a chipani a m'dera lathu anabwera kudzanena kuti madona asamaoneke ndi tizovala tosambira pamaso pa anthu. Bwana Kaliwo anatilamula kumanga mpanda wa bango kuchokera pa tinyumba mpaka pa jete. Madona ankayenda mobisika bwinobwino mpaka kumadzi, kenako ine n'kuwakoka kudutsa nawo pamaso pa mudzi wonse. Atcheyamani anakhutira, poti lamulo lawo linali la pamtunda.

1966 mpaka 1967

Mvula inayamba kuvuta, nyanja n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Ife a m'nyanja tinaona msanga, chifukwa nsungwi yokankhira inkanyowa pafupi mwezi ndi mwezi. Pulopela ya boti inayamba kukumba matope, ndipo itathyoka yachiwiri tinadikira miyezi itatu kuti ina ipezeke ku Limbe. Mzungu akagwa sankamiranso, ankangokhala pansi m'thope madzi ali m'chiuno, n'kudzuka wakuda bii ngati ine. Nanga ndani angachoke ku Zomba kudzalipira zimenezo? Magalimoto a Loweruka anachepa mpaka kutsala awiri, kenako imodzi. Pa antchito khumi ndi mmodzi tinatsala asanu ndi awiri. Bwana Kaliwo anatisonkhanitsa pa khonde, nati Kalabu ikumudya, akuigulitsa, ndipo wogula akapanda kupezeka atseka n'kubwerera kwawo. Anabwera ogula awiri, Mmwenye ndi Mgiriki. Onse anafika m'mawa, anaima pa jete, anaona thope, ndipo tiyi sanamumalize.

Masiku omwewo msuweni wanga amene anali mesenjala ku Zomba anandipezera malo a udalaivala m'boma. Kalata inabwera yonena kuti ndikayambe pa 1 Okutobala, ndi yunifolomu ya khaki, nyumba, ndi penshoni ya ukalamba. Mayi anu anaikulunga m'kansalu n'kuiika m'Baibulo. Ine ndinakondwera pakamwa pokha, mtima unali pa boti. Kenako mu Ogasiti Bwana Kaliwo anandiitana nati kukubwera wogula wachitatu, a Makwinja, munthu wakuda mnzathu wa malole ku Limbe. Anati uyu ndiye wotsiriza, akakana basi.

Ogasiti 1967

Nzeru ya chinyengo inachokera kwa ine, ndipo sindibisa. Nyanja yathu ndi yosaya ngati mbale, ndiye mphepo imaisuntha. M'miyezi ya mwera, dzuwa likamafika pamutu, mphepo imaomba kuchokera kuseri kwa Chisi n'kukankhira madzi onse kugombe lathu. Pamene m'mawa panali thope, pofika madzulo pamakhala madzi ofika m'mawondo, ndipo poti madzi athu ndi odera, palibe mlendo angadziwe ngati pansi pali pafupi kapena patali. Mphepo ikagona, madzi amabwerera kwawo. Ndinati, "Bwana, ogula aja munawaitana nthawi yolakwika. Uyu afike 2 koloko masana, ndipo dzuwa lisanalowe akhale atanyamuka." Bwana Kaliwo anachotsa kaliwo pakamwa, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo, n'kundimenya paphewa.

Sabata imeneyo Kalabu inatentha. Tinapaka laimu miyala yonse, tinafolera patsopano, ine ndinapukuta boti mpaka kudzionera nkhope. Akazi athu anamva kuti wogula ndi munthu wathu, ndiye anati sangalandiridwe ngati mzungu, ndi tiyi ndi bisiketi. Anatumiza mawu kumudzi kuti a tchopa abwere ndi ng'oma zawo, gule wa makolo athu amene anabwera naye kuchokera kum'mawa. Lachisanu ndinayang'ana kumwamba kambirimbiri mpaka khosi linawawa, kuopa kuti mwera ungatichite manyazi. Loweruka mabango anayamba kugwedera cha m'ma 11 koloko. Ndinathamanga kukhitchini ndikukuwa, "Achimwene Disi, akubwera! Madzi akubwera!" Tinaima pa jete tonse asanu ndi awiri tikuwaona akukwawa pathope, ndipo pamene galimoto ya a Makwinja inkalowa pachipata, mafunde anali akumenya mizati ngati kale.

A Makwinja anali munthu wamfupi, wa kamimba, wovala suti ndi chipewa, ndipo ankaseka ndi thupi lonse. Ndinawakweza m'boti, injini nditaikweza m'mwamba pang'ono kuti isakhudze pansi, n'kuwayendetsa m'ngalande imodzi yokha imene ndinkaidziwa. Mphepo inawaulutsira chipewa, iwo n'kumangokuwa, "Thamangitsa, mphwanga, thamangitsa!" Atafunsa za kuya kwa madzi, Bwana Kaliwo anayankha yekha, ine ndinayang'ana kumbali. Pofika 4 koloko zonse zinali zitayenda, anthu atagwirana chanza, kutsala kusaina Lolemba ku Zomba. Ndinayamba kuwaperekeza ku galimoto, mtima ukugunda ndi chimwemwe.

Apa ndi pamene ulemu wathu unatigwetsa. Ng'oma za tchopa zinalira kuseri kwa khitchini, amayi n'kutulukira ndi mpunga, nkhuku, ndi dengu lodzaza milamba yowamba. Mayi anu, amene sindinawauze za mphepo, anagwada pamaso pa a Makwinja nati, "Bambo, mlendo ndi mame, komatu kwathu kuno sachoka poto ali pamoto." Ine ndinawatsinzinira diso, iwo ankaganiza kuti ndikuwayamikira. A Makwinja anavula jekete, anadya, analowa m'bwalo n'kuvina mpaka malaya ananyowa. Dzuwa likupendeka anaitana dalaivala wawo nati, "Tsitsa chikwama. Anthu otere ungawasiye? Ndigona m'nyumba yangayi, mawa ndione dzuwa likutuluka panyanja yanga." Bwana Kaliwo analuma kaliwo mpaka anasweka.

M'mawa mwake ndinapita ndi tiyi kwa a Makwinja. M'kanyumba munalibe munthu. Ndinawapeza kumapeto kwa jete atafunda bulangete, akuyang'ana thope lotambalala mpaka kutali, boti lathu litagona cham'mbali ngati ng'ombe yodwala, akakowa akuyendayenda pamene dzulo tinkathamanga. Sanatembenuke.

"Layisoni, nyanja ija mwaisunga kuti?"

Bodza linali pakamwa, koma linakana kutuluka. Ndinaika tiyi pansi n'kuwauza zonse, za mwera, za injini yokwezedwa, za ngalande, ndi kuti nzeruyo inali yanga osati ya mzungu. Ndinati antchito asanu ndi awiri ndi mabanja awo akudya pa jete imeneyi, ndiye mantha anandipusitsa. Kenako anaseka, koma osati monga dzulo.

"Ine ndimagula malole akale. Munthu akathira utuchi m'giyabokosi ndimadziwa. Koma kuthira nyanja yonse, ayi, mwandiposa. Tsono tandiuza zoona, poti wayamba. Nyanjayi yafa?"

"Ikufa, bwana. Chaka chamawa mwina iumiratu. Komatu ibwera. Agogo anga anaiona itauma, anthu akuyenda pansi kupita ku Chisi, ndipo inabweranso ndi nsomba zoposa kale. Madzi saiwala khwawa."

"Ibwera liti?"

"Kaya, bwana. Zimenezo ndiye sindikudziwa."

"Nanga iweyo uli kuti pamene ikuuma? Khukhi wandiuza dzulo kuti uli ndi kalata ya boma." Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. "Tamvera. Mzunguyu ndimutsitsa mtengo, umenewo ndi mlandu wa ine ndi iye. Koma sindigula miyambi ya agogo ako. Ngati ukukhulupirira kuti ibwera, khala pompano usunge boti, ine ndigula ndipo anzakowa sindiwachotsa. Malipiro adzakhala theka, ndi ufa. Ukapita ku Zomba, ndidziwa kuti nawenso waithawa, ine ndibwerera ku malole anga. Undiyankhe ndisanamalize tiyiyu."

Ana anga, mumandifunsa chifukwa chake anzanga amapita kukalandira penshoni ine ndikukhala pakhonde. Yankho lake lili pa kapu ya tiyi imeneyo. Ndinaganiza za khaki ndi nyumba ya malata. Ndinaganiza za achimwene Disi ndi ana awo asanu, ndi za mlonda wathu wokalamba amene sakanalembedwanso kwina kulikonse. Ndinayesa kuganiza zopempha kuti ndizipita ku Zomba n'kumabwera Loweruka, koma mapanga awiri avumbwitsa. Ndipo ndisakunamizeni kuti ndinali woyera mtima: ndinkalikonda boti lija kuposa mmene munthu wanzeru ayenera kukondera chinthu cha eni. Ndinati, "Ndikhala, bwana." Anamwa tiyi yense, nati shuga wachepa.

Mayi anu atamva anatulutsa kalata ija m'Baibulo n'kundiponyera pamiyendo. "Mwataya bomwetamweta chifukwa cha thope! Anawa adzadya mafunde?" Anakhala masiku anayi osandilankhula, ndipo sindikuwaimba mlandu.

1968

Bwana Kaliwo anapita kwawo, ndipo nyanja inatsatira. Poyamba milamba inadzaza m'zithaphwi mpaka ana ankaigwira ndi manja, kenako fungo la nsomba zakufa linakuta gombe lonse, kenako kunangotsala dothi long'ambikang'ambika ndi fumbi loyera lowawa m'maso. Anthu ankapita ku Chisi pa njinga. Asodzi a ku Kachulu anamwazikana, ena ku nyanja ya Malombe, ena kuminda ya tiyi ku Mulanje. Ku Kalabu kunkabwera mlendo mmodzi pa mwezi, kawirikawiri azungu a maphunziro odzatola dothi m'mabotolo. Tinalima chimanga kuseri kwa tinyumba kuti tisafe ndi njala. Sopo ankasowa, palafini ankasowa, ndipo malo anga a ku boma anatenga mnyamata wa ku Jali, amene ankandiimbira hutala akamadutsa pa Landirova.

Ntchito yanga yaikulu inali yoseketsa anthu. Boti lamatabwa likakhala pouma, matabwa amafota n'kusiya mipata, ndipo tsiku lolibwezera m'madzi limamira. Ndiye tinalikokera pansi pa mtengo, ndinalifunditsa ziguduli, ndipo tsiku lililonse ndinkatunga ndowa zisanu ndi imodzi pachitsime n'kulithirira ngati dimba. Anthu opita ku Chisi ankaima n'kufunsa, "A dalaivala, lamera?" Ena ankati, "Mukakolola mutigawireko kaboti kamodzi." Ndinkangoseka nawo n'kupitiriza kuthirira. Tsiku lina nditadwala malungo ndinadzuka masana n'kupeza ziguduli zili zonyowa. Mayi anu anali atathirira, ndipo anati ndisayerekeze kuwathokoza. Kuyambira pamenepo ndowa zitatu zinali zawo.

A Makwinja ankabwera kamodzi pa mwezi ndi thumba la ufa. Ankapita kumapeto kwa jete, kuyang'ana fumbi, n'kubwerera. Kuseka kuja kunkachepa ulendo uliwonse. Mu Novembala anandiitana pambali. "Mphwanga, akazi anga akuti ndinalodzedwa ndi tchopa. Malole awiri ndagulitsa chifukwa cha malo ano. Chaka chikatha zili chonchi, nditumiza lole idzatenge injini, mabedi ndi zitseko. Sindikukuda, koma ndatopa." Ndinangopita kukathirira boti.

1969

Mvula inayamba chakumapeto kwa 1968, ndipo sinali mvula yamasewera. Inagwa masiku otsatizana mpaka phiri la Zomba linabisika. Mtsinje wa Likangala unadzaza, wa Domasi unadzaza, wa Phalombe unadzaza, ndipo yonse inkathira m'mbale yathu ija. Poyamba dothi linkangomwa. Kenako m'mawa wina mu Januwale mlonda anabwera akuthamanga, munthu amene ndinali ndisanamuonepo akuthamanga, akukuwa kuti kunja kukuwala. Tinapita pa jete, ndipo kutali cha ku Chisi kunali mzere wonyezimira. Tsiku lililonse ndinkakhoma kamtengo pamene madzi afika, mawa lake n'kukapeza katamira. Achule ankalira osalekeza, abakha am'tchire anabwerera, ndipo asodzi anayamba kufika ndi maukonde pamutu. Lole ya a Makwinja inatumizidwadi, koma inatitimira pamsewu wa ku Zomba, dalaivala n'kubwerera wapansi kukanena kuti ku Kalabu sikufikika chifukwa cha madzi. Akuti a Makwinja anamuuza kuti abwereze mawuwo katatu.

Tinakankhira boti m'madzi anthu khumi ndi awiri, ena mwa iwo omwe aja ankafunsa ngati lamera. Ndinalowamo ndi chikho chokapira, ndikudikira kuti madzi atulukire pansi. Munalowa ongokwana kusukusula kumaso. Injini inakana kasanu, kachisanu ndi chimodzi inalira, ndipo achimwene Disi anaponya chipewa chawo chaukhukhi m'nyanja.

A Makwinja anafika Loweruka lina chakumapeto kwa Malichi, msewu utauma. Mbiri inali itamveka, ndiye gombe linadzaza anthu ochokera kwa Mwambo konse, ndipo magalimoto atatu a ku Zomba anali ataima kale pachipata. Anatsika, anayenda mpaka kumapeto kwa jete, nayang'ana mafunde. Kenako ananyowetsa chala n'kuchikweza m'mwamba.

"Lero mphepo kulibe, Layisoni."

"Kulibe, bwana."

"Ndiye awa ndi athu kapena obwereka?"

"Athu, bwana."

"Ndinamvapo mawu ako kale. Bweretsa matabwa aja, ndikayeze ndekha."

Ndinawachonderera. Ndinati sanayambe akwerapo, ndinati ndi munthu wamkulu, ndinati kuli anthu. Anavula suti pompo n'kutsala ndi kabudula wamkati wofika m'mawondo, amayi onse n'kutembenuka akuseka. Kusambira ankadziwa, anakulira m'mbali mwa Shire, koma matabwa ndi nkhani ina. Kawiri konse anagwa chafufumimba tisanachoke n'komwe pa jete. Kachitatu ndinakoka pang'onopang'ono monga ndinkachitira ndi azungu onenepa, ndipo taonani, kamimba kanatuluka m'madzi, mawondo akunjenjemera, munthu n'kuima! Gombe lonse linaphulika. Aka kanali koyamba kuti anthu athu aimbire nthungululu munthu amene sanagwe. Ndinawatengera kutali, kupyola ngalande yanga yachinyengo ija, mpaka pakatikati pamene chaka chatha pankadutsa njinga. Pamenepo anasiya chingwe mwadala.

Anamira. Matabwa awiri anayandama, munthu osaoneka. Ndinakhotetsa boti msanga, ndipo kugombe kunati zii. Ndinali nditavula kale malaya pamene mutu wadazi unatulukira pambali pa boti, ukulavula madzi. Anagwira m'mphepete, akupuma mwaphuma, maso ali psu, kenako anakuwa mokweza kuti ndi a kumtunda omwe amve.

"Pansi sindinapapeze! Layisoni, ndafunafuna, pansi palibe!"

Ndinawakoka n'kuwagwetsera m'boti, tonse awiri tikuseka, ndipo ine misozi inkatsika osaibisa. Atapezako mpweya anandigwira dzanja osalisiya. Anati, "Lolemba upite kukaitana anzako anayi amene mzungu anawachotsa aja. Uwauze kuti abwere ndi mayunifolomu awo, Kalabu yatsegulidwa."